Wodula mtengo m'khutu mwanga

Mwana wanga woyamba ali wakhanda, asanayambe n'komwe kuseka, ndinayamba kumva munthu akudula mtengo. Anali masana, nthawi yokolola, anthu onse ali kumunda, ine ndatsala ndekha ndi mwana chifukwa ndinali ndisanalimbe. Ndinagona chammbali pamphasa ndikuyamwitsa, ndiye ndikumva gu, gu, gu, gu, osathamanga osachedwa, ngati nkhwangwa ya munthu wodziwa ntchito yake. Ndinati kodi ndani ameneyu akugwetsa mtengo wa mango wa amayi anga anthu kulibe? Ndinamugoneka mwana, ndinatuluka, ndinazungulira nyumba mpaka kuseri kwa nkhokwe. Kunalibe munthu, mbuzi yokha ikudya makoko. Koma nkhwangwayo sinasiye, ndipo kulikonse kumene ndatembenukira inali kudzanja lamanja. Ndipamene ndinazindikira kuti ndikuyenda nayo.

Ndinaika dzanja pachifuwa. Mtima ukati gu, m'khutu namonso gu. Zinali kuyendera limodzi.

Amuna anga ndi a ku Kabudula. Anabwera kwathu, mudzi wina kuseri kwa Namitete, kudzakhala chikamwini, kumanga nyumba pafupi ndi ya amayi anga ndi kulima nawo munda. Nthawi ya fodya ankagwira ganyu yokweza mabelo m'malole, ndipo lole ikapita ku okushoni mtauni ankatha masiku osabwera, akudikira pamzere. Atabwera ulendo umenewo ndinawauza. Anaseka, anati, "Amake mwana, mwagula wailesi osandiuza?" Anagunditsa khutu lawo pa langa, anamvetsera, kenako anati, "Yanga sikugwira siteshoni imeneyo." Koma atandiyang'ana bwinobwino kuseka kunatha. Anati mawa lomwe tipite kuchipatala. Ine ndinakana. Ndinali nditangochokako, ndipo zimene ndinaona pobereka, magazi aja, anamwino akuthamangathamanga, amayi anga akupemphera korona pakhomo, sindinkafuna kuliwonanso khomo limenelo. Ndinati ndikanena tsiku la sikelo ya mwana.

Ndinayesa zapakhomo. Ndinkaganiza kuti mwina mwalowa kachilombo, ndiye ndinadonthezamo mafuta ophikira, ndinapisamo nthenga ya nkhuku, sipanatuluke kanthu. Ndinatulukira ndekha kuti ndikadina pakhosi, mmunsi mwa nsagwada, phokoso limazima, ndikachotsa chala limabwerera. Ndikamanga chitenje chobereka mwana mfundo n'kufika pomwepo, limachepanso. Koma ndikasenza ndowa kuchokera kumjigo linkakula mpaka kusamva zimene anzanga akulankhula, ndipo ndinkafika pakhomo ndili wefuwefu ngati ndathamangitsidwa ndi galu. Ndinayambanso kulakalaka dothi. Ndinkagumula lapachipupa cha khitchini n'kumatafuna mobisa. Chimene chinkandiopsa kwambiri n'chakuti mwana alira ine osamva, choncho maso anga sankachoka pa iye. Ngakhale ndikutsuka mbale ndinkayang'ana kamimba kake ngati kakukwera ndi kutsika.

Tsiku lina tinali kutonola chimanga pakhonde, ine, amayi anga ndi amayi aakulu, akulu awo a amayi anga, amene amalangiza atsikana m'mudzi mwathu ndiponso salephera Misa. Ndinadzuka kuti ndikatenge lichero, mdima unandigwira m'maso, ndinakhala pansi mwadzidzidzi pazitsononkho.

"Iwe, n'chiyani?" anafunsa amayi anga.

"Chizungulire basi. Komanso m'khutumu."

"M'khutu mwatani?"

"Mumamveka ngati munthu akudula mtengo. Akungodula, akungodula, osaleka."

Amayi aakulu anasiya kutonola. "Wati akutani?"

"Akudula."

Amayi aakuluwo anatembenukira kwa amayi anga. "Mwamva? Wanena yekha. Ine sindinamuuze." Anandikoka mwendo, anadina pamwamba pa phazi, chala chinasiya kadzenje. Anatembenuza manja anga, zikhatho zili mbee. "Mapazi otupa, nkhope yotuwa, mphamvu palibe, ndipo thupi lake lomwe likunena kuti akumudula. Mukufunanso chiyani? Uwu ndi mdulo."

Ine mawu akuti kudula ndinangowatola chifukwa ndi amene anali pafupi. Ndikanatha kunena kuti ngati munthu akusinja, kapena ngati ng'oma yakutali. Koma ndinati kudula. Ndipo kwathu aliyense amadziwa chimene mdulo umatanthauza. Mkazi akabereka, mwamuna amayenera kudikira mpaka akuluakulu atanena kuti mwana watengedwa, ndiye kuti banja layambiranso. Ngati mwamunayo apita kwa mkazi wina nthawi imeneyo n'kubwera kudzagwira mwana kapena kukhudza mchere wa pakhomo, amati wadula mkazi wake kapena mwanayo. Munthu amatupa, amafooka, ena amati amafa kumene. Mankhwala ake amagwira pokhapokha mwamunayo ataulula.

"Malole aja," anatero amayi aakulu, atayambiranso kutonola. "Kumzere kuja amagona ndi mabelo okha, eti?"

Mkamwini salankhulana maso ndi maso ndi apongozi ake, akakumana panjira wina amapatuka. Choncho mawu onse anayenera kudzera pakamwa panga. Amayi aakulu anandituma kuti ndikawauze amuna anga zinthu ziwiri: asamunyamulenso mwana, ndipo asayandikire mchere. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akukonza tcheni cha njinga. Ndinaima kaye, m'khutu muli gu, gu, gu, mothamanga tsopano. Ndinanena maso ali pansi, mofulumira, ngati mwana wotumidwa kukabwereka moto.

Anapukuta manja pa thalauza. "Akuti ndani?"

"Amayi aakulu."

"Nanga inu mukuti bwanji?"

"Ine ndangotumidwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Chabwino. Koma kuchipatala kuja tipite." Ndinati amayi aakulu akuti jakisoni pa mdulo amapha. Anabwerera ku tcheni chawo.

Masiku otsatirawo ndinakhala ngati mlonda m'nyumba yanga yomwe. Mwana akalira iwo ali pafupi, manja awo ankanyamuka okha, kenako n'kuwabweza m'matumba. Ankangomuyimbira mluzu ali chapatali. Ndipo ine, m'malo mowamvera chisoni, ndinayamba kuwayang'anitsitsa. Akabwera ndi sopo wonunkhira ndinkati anamugula kuti? Foni yawo ikalira iwo n'kutuluka panja chifukwa netiweki m'nyumba sigwira, zimene ndinkazidziwa kuyambira kale, ndinkatchera khutu labwinolo. Munthu ukamamva kugunda tsiku lonse, ndipo akulu akuuza kuti pali amene akugunda, umayamba kumusaka. Kumjigo nako nkhani inali itafika. Mnzanga wina amene tinasiyira limodzi sukulu sitandade sikisi anandithandiza kusenza ndowa, n'kunena mokweza kuti ena amve, "Alamu athu a nkhwangwa ali bwanji lero?" Onse anaseka. Inenso ndinaseka pang'ono kuti asaone kuti zandilowa.

Kenako amayi anga anaitana ankhoswe. Anabwera amalume anga, ndi achimwene awo a amuna anga kuchokera ku Kabudula. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango uja, amuna uko akazi uku, amayi anga ndi amayi aakulu atafulatira pang'ono chifukwa cha mkamwini. Amalume analankhula mofatsa. Anati palibe amene akufuna kuthetsa banja, munthu amalakwa, chofunika n'kuulula basi kuti mankhwala agwire, mwana wathuyu achire.

Amuna anga anati, "Ndiulule chiyani, amalume? Mukufuna ndipeke mkazi? Ndimupatse ndi dzina lomwe?"

Achimwene awo anati, "Ulula ngati zilipo, usatichititse manyazi kawiri."

"Palibe."

Pamenepo amalume anatembenukira kwa ine. "Iwe ndiwe umagona nawo nyumba imodzi. Amuna akowa, mmene umawaonera, angachite zimenezi?"

Ndinayang'ana amayi anga, maso awo ali ofiira chifukwa cha kusagona, amene anandiona ndikutha magazi pabedi paja. Ndinayang'ana mwana pamiyendo panga. Ndinaganiza kuti nanga ndikati ayi, kenako n'kupezeka kuti ndi zoona, ine n'kufa, mwanayu adzayamwa ndani? M'khutu munali phokoso loti sindinkamva bwino ngakhale mawu anga omwe.

Ndinati, "Kaya."

Amuna anga sanakweze mawu. Anangodzuka, n'kusasa fumbi kumbuyo. Amalume anagamula kuti amuna anga abwerere kaye kwawo mpaka atakumbukira. Anamanga zovala zawo pa kaliyala ya njinga, khasu anasiya. Pochoka anaima pakhomo, anamuyang'ana mwana ali kumsana kwanga, anati, "Mudzanene kusikelo kuja. Musaiwale."

Amayi aakulu anabweretsa mizu yoviika m'botolo. Ndinamwa mokhulupirika, yowawa ngati ndulu. Nkhwangwa sinasinthe. Iwo anati n'chifukwa chakuti mwini wake sanaulule.

Tsiku la katemera wa mwana, amayi anga anandiperekeza chifukwa sindikanatha kumubereka ulendo wonse. Pamzere wa sikelo pachipatala cha mishoni, dzuwa litakwera, miyendo inandithera, ndinatsamira chipupa. Namwino amene ankalemba anandiona. Anabwera, anandikoka chikope cha mmunsi, anati, "Mayi, lero wodwala ndinu, osati mwanayu." Anatilowetsa kwa adokotala osadikira mzere.

Adokotalawo anali amayi achikulire ndithu, ovala magalasi. Ndinaopa kunena za khutu, ndinkati andiseka kapena anena kuti mutu wasokonekera. Ndinayamba ndi chizungulire, ndi wefuwefu, kenako ndinanena. Nthawi imeneyi ndinasankha mawu, ndinati mumamveka mtima.

"Khutu limodzi kapena onse?"

"Lamanjali."

"Limalira mosalekeza ngati nyenje, kapena limagunda?"

"Limagunda."

Anandigwira pamkono pamene pamagunda mtsempha, anati ndizigogoda patebulo nthawi iliyonse ndikamva. Ndinagogoda. Anagwedeza mutu, anati zikufanana ndi zimene akumva pachala chawo. Anaunika m'makutu ndi katochi, anati muli bwino, mafuta okha, ndani anathira? Ndinati ine. Anati, "Khutu si chiwaya, mayi, musadzathirenso." Anandiyeza BP, anandipapasa pakhosi ngati pali chotupa. Kenako anatenga chomvera mtima chija amakoleka m'khosi, anachiika pambali pa khosi langa, anamvetsera nthawi yaitali. Anadina pang'ono ndi chala pamalo pomwe paja ndinkadina ine.

"Lazima?"

"Lazima."

"Kwa inenso lazima."

Sindingathe kufotokoza mmene mawu amenewo anandikhudzira. Munthu wina analimva. Misozi inangoyamba kutsika yokha.

Anaitana amayi anga kuti asendere, anawaveka chomveracho m'makutu. Amayi anachita mantha kaye, kenako nkhope yawo inasintha. "Kukumveka ngati mphepo," anatero. "Ngati madzi akamadutsa mu paipi." Adokotala anati ndi magazi amenewo.

Anatituma kukabayitsa chala. Zotsatira zitabwera anati malungo palibe, koma magazi achepa kwambiri, pang'ono pokha akanandigoneka kuti andiwonjezere ena. Anafotokoza pang'onopang'ono, akuyang'ana ine kenako amayi. Anati magazi akachepa amakhala opyapyala, ndiye mtima umagwira ntchito kawiri kuti thupi lonse lilandire, magaziwo n'kumathamanga. Pali mtsempha waukulu umene umadutsa pafupi penipeni ndi khutu potsika kuchokera kumutu, choncho khutu limamva kuthamangako. Ukadina pakhosi umachepetsa liwiro, n'chifukwa chake limazima, koma anati ndisazolowere kudinadina. Anati wefuwefu uja, kutuwa, kutupa mapazi, ngakhale kulakalaka dothi, zonse ndi nkhani imodzi. Pa dothipo ndinazunguzika, chifukwa ndinali ndisanawauze. Anati, "Mumadya eti? Ambiri amabisa."

Ananenanso kuti si aliyense womva mtima m'khutu amene vuto lake ndi limeneli. Ena ndi BP, ena ndi chithokomiro cha pakhosi, ena mtsempha umakhala wapanikizika kapena pali kachotupa mkati. Ndiye anati magazi akabwerera koma phokoso osatha, adzanditumiza kuchipatala chachikulu mtauni kuti akandijambule. Ndipo mutu ukayamba kupweteka kwambiri kapena maso kuchita chimbuuzi, ndisadikire tsiku limene andiuza, ndibwere pomwepo.

Amayi anga anakhosomola. Anafunsa motsitsa mawu, "Adokotala, nanga si mdulo umenewu?"

Adokotala sanaseke. Anati, "Amayi, za mdulo ine sindingakuphunzitseni, mukuzidziwa kuposa ine. Koma ndikufunseni. Pobereka mwanayu munalipo?"

"Ndinalipo."

"Anataya magazi ochuluka bwanji?"

Amayi anayang'ana pansi. "Ambiri. Zitenje zonse tinabwera nazo zinatha."

"Ndiye magazi amene tikuwasowa lero, inu munawaona kumene anapita."

Anandipatsa mapilitsi ofiira owonjezera magazi, oti ndimwe miyezi ingapo osadumphitsa, ndi ena a njoka za m'mimba. Anati chimbudzi chidzada, ndisadabwe, ndipo ndisamamwere tiyi. Anati ndizidya chiwindi chikapezeka, mazira, nyemba, matemba, bonongwe, chisoso, ndi zipatso. Anafunsa kuti bambo a mwana ali kuti, kuti awauze asamandilole kusenza zolemera. Ndinati ali kwawo.

Pobwerera amayi anaima pamsika. Pamenepo anagula mazira ndi kamulu ka matemba osandifunsa. Titafika anawauza amayi aakulu zonse, ndi za mphepo anaimva ija. Amayi aakulu anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Eya, magazi achepa. Nanga mdulo umatani, si umamaliza magazi? Adokotalawo anena zomwezo m'Chingerezi." Koma botolo la mizu lija amayi anga analichotsa m'nyumba mwanga tsiku lomwelo.

Sizinathe msanga. Choyamba kutha chinali chilakolako cha dothi. Kenako ndinaona kuti ndafika pakhomo ndi ndowa osapumira panjira. Phokoso linayamba kumabwera pokhapokha ndikawerama kapena ndikafulumira, kenako tsiku lina ndikuchapa matewera ndinazindikira kuti ndikumva njiwa zikulira kudambo, ndipo sindinadziwe kuti lasiya liti. Nditabwerera kuchipatala anati magazi akukwera, zojambula zija sizifunika, koma mapilitsi ndimalize.

Ndinachira amuna anga osaulula kanthu. M'mudzi palibe amene ananena zimenezo mokweza. Amalume nditawapempha kuti akawatenge, anati tidikire kaye mpaka anthu aiwale. Ine sindinathe kudikira. Ndinabereka mwana, ndinakwera minibasi, kenako kabaza, mpaka ku Kabudula.

Ndinawapeza kudambo akuumba njerwa, matope mpaka m'mawondo. Atandiona anaima ndi chikombole m'manja. Anati, "Mwanenepa." Ndinagwada pambali pa njerwa zosauma, ndinafotokoza zonse, za mtsempha, za zitenje, za amayi kumva ndi makutu awo. Ndinalankhula mothamanga kuti asandidule, ndipo nditamaliza ndinati, "Pepani, bambo a mwana."

Anatsuka manja m'chidebe, anamumasula mwana kumsana kwanga osafunsa munthu. Mwana anali atawaiwala, analira, anafuna kubwerera kwa ine. Iwo anamugwirabe, akumuyendetsa uku ndi uku mpaka anatonthola n'kuyamba kuwakoka ndevu.

"Amayi aakulu sindiwakwiyira," anatero. "Iwo sandidziwa. Amalume sandidziwa. Inu mumandidziwa."

Kenako analoza njerwa zija.

"Njerwazi mukuziona? Ndi za nyumba yathu. Kwanu kuja sindidzakhalakonso. Ndizidzabwera pamaliro ndi paukwati, koma kumanga ayi. Sindingadutse pamjigo paja tsiku ndi tsiku. Ngati mukundifunabe, achimwene apita kukapempha chitengwa, mubwere kuno."

Chitengwa ndiye kuti mkazi achoke kwawo akakhale kwa mwamuna. Amayi anga ana aakazi ali ndi ine ndekha, alongo anga onse anakwatira kutali, bambo anamwalira kale. Munda uja ankati udzakhala wanga, nyumba yanga inali poti akadwala angoitana ine n'kumva. Zonsezi ndinaziganiza nditagwada pomwepo, ndipo ndinati ndibwera.

Ankhoswe anakambirana, panalibe amene akanakana. Amayi anga nditawauza anangoti, "Wachita bwino, ndi bambo wabwino," n'kupitiriza kupeta nyemba. Tsiku losamuka anadzuka kundimangira miphika yanga, anaikamo ndi wawo umodzi waukulu umene ndinkaubwereka nthawi zonse, ndi thumba la nyemba za mbewu. Anasenza katunduyo okha, anakana kuti ndisenze ine. Amuna anga anali kudikira kumsewu ndi ngolo yobwereka. Titatsala pang'ono kufika, poti ngolo ikuoneka, amayi anatula katundu pansi pambali pa njira, pakuti sakanafika pamene pali mkamwini. Anamugwira mwana phazi, anati mapilitsi otsalawo ndimalize. Kenako anatembenuka kubwerera kumudzi, nkhata ili m'manja, ndipo ine ndinaima pomwepo kudikira kuti amuna anga abwere adzanyamule miphika.